Kutchera mchenga: mmene amamangira damu losunga madzi ku Makueni

Tsiku loyamba limene ananditenga kukaona damu ku Makueni, kum'mwera chakum'mawa kwa Kenya, ndinachita manyazi. Tinatsika galimoto n'kuyenda pansi kudutsa m'minda ya mango mpaka tinafika pamtsinje wouma gwa, mchenga wokhawokha, wotentha woti sungapondepo wopanda nsapato. Ndinayang'ana kumtunda, ndinayang'ana kumunsi, kenaka ndinafunsa mmisiri amene ndinali naye kuti kodi damulo latsala patali bwanji. Amayi amene ankatunga madzi chapafupi atawamasulira funso langalo anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Ndinali nditaima pamwamba pa damulo.

Ine ntchito yanga ndi yomanga. Kumeneko ndinakhalako chilimwe chathunthu mpaka mvula itagwa, ndikugwira ntchito pansi pa mmisiri wa mtundu wa Akamba, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, amene Chiswahili chake ndinkachimva movutikira monga mmene iwo ankamvera changa. Zimene ndilembe pano ndi zimene ndinagwira ndi manja anga, kuphatikizapo pamene ndinalakwitsa.

Damu la mchenga ndi chipupa cha miyala ndi simenti chopingasa mtsinje umene umayenda nthawi ya mvula yokha. Mvula ikagwa, mtsinje umabwera mwaukali utasenza mchenga ndi matope. Ukafika pachipupa umachepetsa liwiro. Mchenga poti ndi wolemera umakhala pansi, matope poti ndi opepuka amapitirira ndi madzi pamwamba pa chipupacho. Zikatha nyengo za mvula ziwiri kapena zitatu, kumtunda kwa chipupa kumadzaza mchenga mpaka pakamwa, ndipo madzi amabisala m'timipata ta pakati pa mchengawo. Dzuwa limangoumitsa wapamwamba, theka la mita kapena kupitirira pang'ono, koma pansi pake madzi amakhala phe mpaka mkati mwa chilimwe. Udzudzu ulibe poikira mazira, nkhono za likodzo zilibe pokhala, mwana sangamiremo. Ndiye mukamamanga, za madzi ziikeni pambali kaye. Chimene mukutchera ndi mchenga. Mukakola mchenga wabwino madzi abwera okha, mukakola matope ndiye kuti simenti mwataya.

Dera limeneli amalitcha Ukambani, kwawo kwa Akamba, ndipo muli maboma atatu: Machakos, Makueni ndi Kitui. Mvula imagwa kawiri pachaka, Malichi mpaka Meyi, kenaka Okutobala mpaka Disembala, koma imagwa yamphamvu masiku owerengeka n'kusowa, ndipo zaka zina nyengo imodzi imalephereratu. Mitsinje ikuluikulu yosaphwa ndi Athi ndi Tana. Ina monga Thwake, Kaiti umene umadutsa pafupi ndi tauni ya Wote, ndi Tiva wa ku Kitui, miyezi yambiri imangokhala ngati misewu ya mchenga. Madamu ena a mtundu umenewu anamangidwa kale nthawi ya atsamunda, koma amene anawafalitsa ndi eni dera. Malemu Joshua Mukusya anayambitsa gulu la Utooni ku Machakos mu 1978, ndipo bungwe la SASOL litayamba kumanga ku Kitui m'zaka za m'ma 1990, madamu ake anafika mazanamazana. Chimene chinawathandiza ndi mwambo wawo wa mwethya, wofanana ndi dima yathu, kungoti iwo sathera pa tsiku limodzi ndi mtsuko wa mowa ayi. Gulu limene ndinagwira nalo linali ndi kaundula, tsiku lake la ntchito mlungu uliwonse, ndi chindapusa cha wojomba.

Yendani mtsinje kaye

Ndisanapite ku Makueni, anzanga a ku Nairobi anakandionetsa Fourteen Falls, mathithi a mtsinje wa Athi kufupi ndi Thika. Madzi amagwa m'mizere yambiri pathanthwe lotambalala, ndipo pakanakhala posangalatsa kukhalapo tsiku lonse chikhala kuti si thovu ndi fungo la zonyansa zochokera mumzinda wa Nairobi. Ine ndinangojambula zithunzi n'kubwerera. Amene anandiphunzitsa kuona mathithi ndi maso a womanga ndi bambo aja, mmisiri amene ndinkagwira ntchito pansi pawo. Iwo ankati mathithi alionse amakuuza zinthu ziwiri: kuti pamenepo pali mwala umene mtsinje walephera kuudya, ndiponso kuti pamene madzi amagwera pamakumbika dziwe, ngakhale patakhala polimba chotani. Damu lako, ankatero, ndi mathithi amene ukupanga wekha, ndiye lifunika mwala woti likhalepo ndi mwala wina woti madzi azigwerapo.

Choncho musanagule thumba la simenti ngakhale limodzi, yendani mumtsinje wouma, kukwera ndi kutsika, makilomita angapo. Musayende nokha. Tengani amayi achikulire amene atunga mumtsinjemo moyo wawo wonse. Afunseni kuti pofukula madzi mumchenga, ndi dzenje liti limene limauma pomaliza. Nthawi zambiri chakumunsi kwa dzenje limenelo kumakhala thanthwe lobisika limene likutchinga madzi kale, ndiye chipupa chanu chikungowonjezera pa ntchito imene mwala unayamba. Yang'ananinso mitengo. Pamene pali mkuyu wobiriwira mwezi wa Seputembala, madzi sali patali.

Malo abwino ndi pamene thanthwe likuonekera kapena lili pafupi, kuchokera tsidya lino mpaka tsidya linalo. Magombe akhale aatali ndi olimba, oti ngakhale mchenga utadzaza, madzi osefukira asatulukire m'minda. Pewani pokhota mtsinje, chifukwa pamenepo madzi amamenya gombe lakunja ndipo tsiku lina adzazungulira chipupa chanu n'kuchisiya chili chiimire pambali ngati chipilala chachikumbutso. Ndinachiona chotero: chipupa chabwinobwino chopanda mng'alu, mtsinje ukudutsa mamita khumi kumanzere kwake. Mtsinje usatakatenso kwambiri. Omanga ambiri safuna wopitirira mamita 25, chifukwa simenti imachuluka ndipo chipupa chachitali chimafuna akatswiri ndi zitsulo zambiri.

Onaninso pamene madzi anafika chaka chimene anasefukira kwambiri. Zinyalala zokodwa m'nthambi zimakuuzani za chaka chatha chokha. Za zaka makumi atatu zapitazo akuuzani ndi agogo, ndipo akaloza pamtengo pamene inu mukuona kuti n'zosatheka, akhulupirireni.

Pamene thanthwe silikuoneka, mumalifufuza ndi chitsulo chomangira cha mamita awiri kapena atatu, chosongola kunsonga, ndi hamala. Mumchenga chimalowa mosavuta, m'dongo chimakakamira mwakachetechete, pamwala chimalira n'kudumpha. Khomani mita iliyonse kudutsa mtsinje wonse, ndipo mubwereze mzere wina chakumtunda pang'ono ndi wina chakumunsi. Ndikunena izi chifukwa pa damu lachiwiri ntchitoyi anandipatsa ine. Ndinakhoma malo anayi okha, chitsulo chinalira, ine n'kulengeza kuti thanthwe lili pa mita imodzi. Titakumba tinapeza kuti pakatikati chinali chimwala chachikulu chongokhala pamchenga, thanthwe lenileni linali pansi pake ndithu. Anthu anakumba mlungu wina wathunthu umene sunali m'ndondomeko, simenti inaperewera, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandinyoza. Zimenezo ndiye zinandiwawa kuposa kutukwanidwa. Koma bola tinachiona. Tikanamanga pachimwalacho, madzi onse akanamadutsa pansi ndipo palibe akanadziwa chifukwa chake damu likuuma mwezi wa Juni.

Botolo, ndowa ndi paipi

Pali mayeso atatu osafuna ndalama. Oyamba ndi a botolo. Tapani mchenga wa mumtsinje, osati wapamwamba wokha koma wozamako, muthire m'botolo loonekera mpaka theka, mudzazitse madzi, mukhutchumule kwambiri n'kuliimika. Mchenga umakhala pansi mphindi isanathe. Matope amatsatira pang'onopang'ono n'kupanga mzere wake pamwamba, ndipo dongo limasiya madzi ali mbuu mpaka mawa. Mzere wa matopewo ukakhala wokhuthala, mtsinje umenewo ukuvutitsani.

Achiwiri ndi a ndowa. Boolani kabowo pansi pa ndowa ya malita 20, mutseke, mudzaze mchenga wouma, muthire madzi mpaka aonekere pamwamba. Kenaka tsegulani kabowo muyeze amene atuluke. Mchenga wokhakhala, wa timiyala, ungakubwezereni malita 5 kapena kuposerapo. Wosalala ngati ufa umamwa madzi koma kubweza umakana, mungapeze lita imodzi yokha. Kusiyana kumeneko ndi kumene kumasiyanitsa damu lothandiza mudzi ndi bwalo losewerera ana.

Achitatu ndi kutsetsereka kwa mtsinje. Paipi yaitali yoonekera mkati yodzaza madzi imakwanira, kapena chingwe ndi levulo zija timagwiritsa ntchito pokonza akalozera. Tiyerekeze kuti mtsinje ukutsika mita imodzi pa mamita 100 alionse. Chipupa chotalika mamita 3 chidzabweza mchenga mamita 300 kumtunda. Ngati mtsinjewo ndi wotakata mamita 15, ndipo mchenga pakatikati ndi wozama mita imodzi ndi theka, mukachulukitsa mupeza mchenga woti ungasunge madzi otungika okwana malita pafupifupi 1,700,000, titatenga kuti gawo limodzi mwa magawo anayi ndi madzi. Zimenezo ndi zigubu za malita 20 zopitirira 84,000, osawerengera madzi olowa m'magombe amene amabwerera pang'onopang'ono. Koma chipupa chomwecho pamtsinje wotsika mita imodzi pa mamita 25 chidzabweza mchenga mamita 75 okha. Simenti yofanana, thukuta lofanana, madzi ochepa kanayi. Komanso pamalo athyathyathya kwambiri madzi amayenda mwaulesi n'kusiya matope. Mukufuna pakatikati.

Anthu ndi mapepala

Gawo ili limatopetsa koma musalidumphe. Eni minda ya mbali zonse ziwiri za mtsinje avomere molemba, pamaso pa mfumu ya dera, kuti chipupa chilowa m'malo awo ndiponso kuti padzakhala njira yoti aliyense adzadutse pokatunga. Mukangogwirizana pakamwa, chaka chachitatu madzi atachuluka mudzapeza mpanda waminga ndi mwana wa mwini munda akulipiritsa pachipata. Ku Kenya, malinga ndi lamulo la madzi la 2016, chilolezo chomanga pamtsinje chimachokera ku Water Resources Authority, bungwe la boma loyang'anira madzi, ndipo pali magulu a ogwiritsa ntchito madzi a mtsinje umodzi amene ndi bwino kuwadziwitsa msanga. A NEMA, oyang'anira zachilengedwe, nawonso ali ndi mbali yawo.

A kumunsi adzadandaula kuti mukuwatsekera madzi. Musakangane nawo, atengeni akaone damu lakale. Madzi amene damu limagwira ndi kachigawo kochepa chabe ka amene amadutsa mvula ikagwa, ndipo likadzaza mtsinje umangodumpha n'kupitirira ulendo wake.

Mdani wina ndi malole. Mchenga wokhakhala umene inu mukuufuna ndi womwewonso umene omanga nyumba ku Nairobi amaufuna, ndipo mitsinje yambiri ya ku Ukambani inakokoledwa mpaka pamwala. Boma la Makueni, nthawi ya bwanamkubwa Kivutha Kibwana, linakhazikitsa lamulo loteteza mchenga mu 2015 pamodzi ndi ofesi yoyang'anira kakumbidwe kake. Komabe lamulo silimagona pamtsinje usiku. Gulu lanu ligwirizane lisanamange kuti mchenga wa m'damu sugulitsidwa, ngakhale kutagwa maliro ofuna ndalama.

Kumanga

Nthawi yabwino ndi chilimwe chachitali, Juni mpaka Seputembala, kuti chipupa chikhwime mvula ya Okutobala isanafike. Zipangizo zonse zikhale pamalo mmisiri asanaitanidwe: miyala mulu waukulu, mchenga wosefa, ndi madzi. Madziwo ndi amene amavuta. Mukumanga chifukwa kulibe madzi, koma kumangako kumamwa madzi ochuluka zedi. Ife abulu ndi amene anatipulumutsa, bulu mmodzi zigubu zinayi, ulendo ndi ulendo, kuthira m'migolo ndi m'dzenje loyala pulasitiki. Miyala ikhale yolimba, yoti mukaimenya ndi hamala ilire, osati yofumbutuka. Gulu limasonkhanitsa zimenezi milungu ingapo, ndipo mmene likusonkhanitsira m'pamene mumadziwira ngati lidzasamale damulo. Gulu lolephera kutuntha miyala musalipatse simenti.

Kumbani ngalande kudutsa mtsinje mpaka pathanthwe, paliponse, osasiya ngakhale kachigawo kotalika ngati dzanja. Mchenga wofukulawo muuponye chakumunsi kapena patali kuti usagumukire okumba, ndipo ngalande ikazama kupitirira msinkhu wa munthu, m'mbali mwake muzisendeza. Mukafika pathanthwe, chotsani mwala wonse wowola ndi tchizulo, mukwechese ndi bulashi yawaya, mutsuke mpaka poti mungadyerepo nsima. Bambo aja ankayendapo chokwawa, akupapasa ndi zala kufuna ming'alu, ndipo uliwonse ankauthira simenti yamadzimadzi. Pamene thanthwe ndi losalala ankatiuza tilisemeseme kuti simenti ipeze pogwira. Kenaka timaboola mabowo m'thanthwe n'kuimikamo zitsulo, ndipo pakati pa zitsulozo timakoka waya waminga m'litali mwa chipupa, mzere ndi mzere pamene tikukwera.

Ngalandeyo isathere pagombe. Ilowe m'magombe onse awiri mamita angapo mpaka mupeze nthaka yolimba kapena mwala. Amenewa ndi mapiko a damu, ndipo ayenera kukwera kupitirira paja analoza agogo. Pakati pa chipupa pamakhala potsika, potakata ngati mmene mtsinje unalili, kuti madzi azidutsa pomwe ankadutsa kale. Madzi saiwala khwawa. Mukawapanikiza pakhomo lopapatiza, adzadzipezera lawo kudzera m'munda wa munthu.

Mbali zonse ziwiri timakhoma matabwa, pansi potakata, pamwamba pocheperako, kupendekeka kukhale mbali ya kumunsi. Kukhuthala kwake kwenikweni kumadalira kutalika kwa chipupa ndi ukali wa mtsinje, ndipo pamenepa funsani katswiri wa zomangamanga, musayerekeze. Kasakanizidwe kathu kanali thumba limodzi la makilogalamu 50 ku mawilibala awiri a mchenga osadzaza mpaka pamwamba, madzi ochepa oti simenti igwirane koma isayenderere. Mumayala simenti, n'kumizamo miyala yotsuka ndi yonyowa, kenaka simenti ina, kusinja ndi mtengo kuti pasatsale mphako. Lamulo la bambo aja linali limodzi: mwala usakhudzane ndi mwala unzake. Pamene miyala iwiri yagundana popanda simenti pakati, pamenepo mwasiya njira ya madzi.

Tsiku lothira ndi tsiku la mudzi wonse. Anthu amaima mizere iwiri, wina wa miyala wina wa mabeseni a simenti, kupatsirana dzanja ndi dzanja nyimbo zili pakamwa, achikulire akuphika muthokoi, chimanga chokonola chophika ndi nyemba, chimene chinandikumbutsa kwathu mpaka ndinapempha mbale yachiwiri. Yesetsani kuti ntchito yothira isadukizeduke. Mukalekeza madzulo, siyani pamwamba pali pokhakhala, miyala itatulukira, ndipo m'mawa mutsuke n'kuthirapo simenti yamadzimadzi musanapitirize.

Kumunsi kwa chipupa, pogwera madzi, ngati palibe thanthwe yalanipo miyala ikuluikulu yomangidwa ndi simenti, mamita angapo. Kumbukirani dziwe la pansi pa mathithi lija. Madzi akakumba pamenepo amafika pamaziko, ndipo chipupa chimagwa chafufumimba.

Mukachotsa matabwa, phimbani chipupa ndi masaka kapena masamba a nthochi, muzithirira m'mawa ndi madzulo kwa milungu inayi. Apa m'pamene magulu ambiri amagwa ulesi, chifukwa chikondwerero chatha ndipo kutuntha madzi okathira pakhoma pamene kunyumba kulibe akumwa kumaoneka ngati misala. Lembani mayina a othirira tsiku ndi tsiku. Simenti youma msanga padzuwa la ku Makueni imachita ming'alu yosaoneka, ndipo idzaonekera chaka chamawa.

Msampha wa kutalika

Apa omanga amasiyana maganizo, ndipo ine ndili ndi mbali yanga. Ena amamanga chipupa chonse kamodzi mpaka pamwamba. Pamtsinje wa mchenga wochuluka ndi madzi aukali zimatheka. Koma taganizani zimene zimachitika chipupa chikatalika kwambiri pamtsinje wamatope. Mvula yoyamba imapanga dziwe lalikulu, madzi amaima, ndipo matope aja amene amayenera kudumpha amapeza nthawi yokhala pansi. Pakutha pa nyengo muli ndi damu lodzaza ndithu, koma lodzaza phala. Anthu amasangalala kuona dziwe, amajambulitsa, alendo obwera ndi thandizo amaomba m'manja, osadziwa kuti akuombera maliro.

Ine ndimakonda njira yapang'onopang'ono. Mapiko amangeni athunthu, koma pakati podutsa madzi muyambe motsika, mwina theka la mita kapena mita imodzi pamwamba pa mchenga wakale. Dikirani mtsinje udzaze pamenepo ndi mchenga wokhakhala, kenaka muwonjezere gawo lina, zitsulo mutazisiya zitatulukira kale. Zimatenga zaka ziwiri kapena zitatu, zimafuna kuitananso mmisiri, ndipo opereka ndalama sazikonda chifukwa amafuna kutseka mabuku chaka chomwecho. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati mulibe chitsimikizo kuti gulu lidzabwereranso kudzawonjezera, sankhani mtsinje umene botolo lija lasonyeza mchenga woyera, kapena musamange.

Matopewo amachokera m'minda, ndiye nkhondo yake imamenyedwa kumtunda. Akamba amadziwika ndi migula yawo yotchedwa fanya juu, mawu a Chiswahili onena za kuponya dothi chakumtunda. Amakumba ngalande yopingasa phiri motsata levulo, dothi n'kuliunjika kumtunda kwa ngalandeyo, osati kumunsi. Pamgulapo amabzala nsenjere zodyetsa ng'ombe, m'ngalandemo nthochi kapena mapapaya. Pakapita zaka nthaka yokokoloka imaima pamgula ndipo munda umasanduka masitepe. Mapiri a ku Machakos mukawaona patali amaoneka ngati makwerero. Magulu osamala amayamba migula chipupa chisanamangidwe, ndipo m'magombe amabzalamo nsenjere kapena vetiva kuti asagumuke.

Kutunga

Njira yakale ndi kufukula dzenje mumchenga n'kumatunga ndi chikho. Imagwira, koma ng'ombe, mbuzi ndi abulu zimafika pomwepo, ndipo madzi amene mchenga unasefa bwinobwino amaipitsidwa pomaliza penipeni. Ena amadutsitsa paipi m'chipupa n'kuika mpopi kumunsi. Ine sindiikonda. Mwana mmodzi akasiya mpopi wotsegula usiku, kapena madzi osefukira akauthyola ndi chigobo, damu lonse limakhuthuka, komanso pamene paipi yaboola chipupa ndi pamene kudontha kumayambira.

Chimene ndinaona chikugwira bwino ndi chitsime chomanga pagombe, chakumtunda kwa chipupa, chozama kufika pansi pa mchenga. Mchenga usanadzaze mumayala paipi yoboolaboola pansi pa mtsinje, kuikwirira ndi nsangalabwi, n'kuilozetsa kuchitsimeko. Pamwamba mumavindikira ndi konkire n'kuika mjigo, pamalo okwera oti madzi osefukira asalowemo. Ziweto zikhale ndi pomwera pake chakumunsi. Zimbudzi zikhale kutali, mamita osachepera 30, ndipo zisakhale kumtunda kwa chitsime. Ngakhale madzi aoneke oyera, akayezetseni, chifukwa madera ena a kumeneko miyala yake imatulutsa mchere, ndipo akumwa muziwiritsa kapena kuthira klorini makamaka mvula ikangogwa.

Anzanga akandifunsa ngati zingatheke kwathu ku Malawi, ndimati m'malo ena. Ife mvula ndi kamodzi pachaka, ndiye kudzaza kungachedwerepo ndipo madzi ayenera kupirira chilimwe chotalikirapo. Mtsinje wotakata ngati Mwanza wa ku Chikwawa si wake. Koyang'ana ndi timitsinje totsika m'mapiri, tamiyala, tamchenga wokhakhala, kumene amayi amafukula kale madzi mwezi wa Okutobala.

Mvula yoyamba ikagwa

Musaime pachipupa kuonerera. Madzi a mitsinje imeneyi amabwera mwadzidzidzi, nthawi zina kumene muliko kusanagwe dontho, ndipo amabwera ndi mitengo yathunthu. Aletseni ana. Ife tinaonerera tili pachulu, ndipo phokoso lake linali ngati malole khumi akutsitsa miyala nthawi imodzi.

Madzi akaphwera, pitani ndi khasu ndi fosholo. Yambani kumapiko, muone ngati madzi ayesa kudya gombe, ndipo pamene pakumbika mutsekepo ndi miyala tsiku lomwelo. Tsikirani kumunsi muone pogwera madzi. Yendani m'litali mwa chipupa mukuyang'ana ponyowa pamene sipayenera kunyowa. Chotsani zigobo ndi nthambi zimene zakodwa. Kenaka kwerani kumtunda kwa chipupa, mukumbe dzenje lofika m'chigongono, mutape zimene mtsinje wasiya n'kuzifinya m'manja. Zikamwazika mukatambasula dzanja, ndi mchenga, bwererani kunyumba. Zikagwirana ngati mbamu ya nsima n'kusiya dzanja lili noninoni, ndi matope, ndipo musadikire kuti mvula yachiwiri iwakwirire, chifukwa mzere umodzi wa matope pakati pa mchenga umatseka madzi kuti asatsike pansi. Itanani gulu, mupalepo matope onsewo mpaka mufike pamchenga, muwatutire kumunsi kwa chipupa kapena m'minda. Pa damu lathu loyamba ntchito imeneyi inatitengera masiku atatu, ndipo matopewo amayi ena anakathira m'dimba la ndiwo zamasamba zotchedwa sukuma wiki.